Mikanda ya pa Nang'omba

Sendererani kuno, mawu anga sapita patali. Nkhaniyi sindinachite kumva kwa munthu. Inachitikira m'nyumba imene ndinkagonamo, kwa achemwali anga a Rozina, chaka chimene ndinalemba mayeso a Folomu 4 n'kumadikira zotsatira.

Kwawoko ndi kumapiri a ku Dedza, kumunsi kwa mishoni. Mwezi wa Juni chifunga chimatsika masanasana n'kukwirira minda ya kachewere, moti munthu akamabwera umayamba kumva kutsokomola kwake nkhope usanaione.

Amuna awo, alamu anga a Gerevaziyo Mbewe, anali mmisiri. Ankakonza makina osokera, maloko, mawotchi, ngakhale limba la m'tchalitchi likayamba kusasa mawu. Sanali olankhulalankhula. Chikondi chawo chinali m'tinthu ting'onoting'ono. Pakudya ankasankha mnofu wabwino wa nsomba n'kuukankhira mbali ya achemwali, maso ali kwina. Kukazizira ankaika nsapato za achemwali pafupi ndi mbaula kuti zifunde. Ine nsapato yanga itang'ambika ndinangoipeza m'mawa itasokedwa, ndipo nditathokoza anati, "Si ine, mlamu. Makoswe a kuno ndi aluso."

Achemwali zimenezi sankazinena, koma ankazilondera. Mkazi wina akangoima nthawi yaitali pakhomo pa shedi ya alamu ndi makina ake osokera, iwo ankatuluka ndi tsache n'kuyamba kusesa pamalo posesa kale.

Tsiku lina bambo mfumu anabwera pa galimoto ndi bokosi lalitali lakuda. Parishi inkakonzekera chikondwerero cha jubile, ndipo pokonza m'chipinda chosungiramo katundu anapeza bokosilo kuseri kwa mabenchi othyoka.

"Azungu amati basuni," anatero bambo mfumu. "Anabwera nayo ansembe oyambirira aja. Koma akuluakulu a kuno akuti dzina lake ndi Nang'omba, chifukwa cha kulira kwake. Ankaliza ndi malemu a Damiyano. Chimwalirireni iwo palibe anamukhudza. Mungamudzutse, a Mbewe?"

"Timuone kaye ngati akupuma," anatero alamu.

Nang'omba anali chitoliro, koma osati chitoliro chimene mukuchidziwa. Anali m'zidutswa zinayi za mtengo wofiirira, wosalala ngati mpini wa khasu lakale. M'malumikizo munali mokulungidwa ulusi wopaka phula kuti mpweya usathawe. Alamu atalumikiza n'kumuimika pansi, anandifika m'khosi. Anandionetsa kuti mkati mwake njira ya mpweya imatsika mpaka pansi, n'kukhota, n'kukweranso mbali inayo kukatulukira kukamwa kwake, pamwamba. Cham'mbali munkatuluka kapaipi kamkuwa kopindika ngati khosi la kakowa. Kunsonga kwa kapaipiko n'kumene woliza amavekako kabango: timapande tiwiri ta bango topalidwa mpaka kupyapyala ngati chikhadabo, toyang'anizana ngati milomo, tomangidwa ndi kawaya ndi ulusi.

Thupi lake lonse linali ndi makiyi amkuwa, ena aafupi, ena aatali ngati masipoko a njinga. Kiyi aliyense anali ndi kambale kumapeto, m'kambalemo muli kachikopa kofewa kotsekera bowo, ndipo kunsi kwake kunali kasipuling'i kowonda ngati singano. Zikopa zambiri zinali zitadyedwa ndi njenjete. Alamu ankadina kiyi mmodzimmodzi, khutu lili pafupi, akumwetulira ngati munthu amene wakumana ndi mbale wake pamsika.

Kenaka anafika pa kiyi wamtali kuposa onse, wotseka bowo lomaliza pafupi ndi kukamwa. Ameneyu sankatsika. Wina anali atakulunga chingwe cha mikanda kunsi kwake, kuzunguliza kambirimbiri, kuti kambale kasafike pabowo. Mikanda yake inali ing'onoing'ono, yoyera ndi yofiira, yothimbirira ndi mafuta.

Bambo mfumu anali atapita. Achemwali anali pakhomo ndi tsache lawo.

"Imeneyo si mikanda ya m'khosi," anatero.

"Kaya ndi ya kuti," anayankha alamu, akufunafuna lumo m'kabati.

"A Mbewe, musaigwire. Imeneyo ndi ya m'chiuno."

"Nachisale, mkazi wanga, tamverani. Bowo ili likapanda kutsekeka mpweya umathawira panjira, mawu apansi penipeni satuluka. Ndikabweze kwa bambo mfumu chinthu chopunduka?"

"Ndiye mumasule mikanda ya mkazi wa eni ake?"

"Mkazi wake uti? Thabwa ili."

Anadula. Mikanda inamwazika waa pansi, ina kugubudukira kunsi kwa benchi. Ine ndinaisesa, alamu n'kuithira m'kachitini ka mafuta a nsapato, n'kutseka.

Ntchito inatenga masabata. Anadula zikopa zatsopano pa chikopa cha kamwana ka mbuzi, n'kumamata chimodzichimodzi m'timbale tija. Ankalowetsa kanyali kakang'ono mkati mwa Nang'omba kuti aone ngati kuwala kukudontha pabowo lililonse lotseka. Mabango anakadula kudambo. Ambiri anang'aluka powapala, ena ankangolira ngati bakha. Kabango kamene kanavomera ankakaviika m'kapu ya madzi asanakaike pakamwa.

Tsiku limene analiza mawu apansi aja kunali masana, chifunga chitatsika. Ine ndinali kuthandala ndikutsuka mbale. Mawuwo sindinayambe kuwamva ndi makutu. Anayambira m'mapazi, n'kukwera m'miyendo, n'kudzakhazikika m'mimba. Masupuni pathandala ananjenjemera. Nkhuku zinasiya kupalasa, zonse khosi m'mwamba. Nditasuzumira m'shedi ndinaona alamu atachotsa kale kabango pakamwa, koma mawuwo anapitirirabe pang'ono, nthawi yokwana munthu kupuma kamodzi.

"Mwamva, mlamu?" anatero, maso akuwala.

Ndinangogwedeza mutu.

M'mawa mwake ndikuchokera kumjigo, ndowa pamutu, ndinakumana ndi mayi wina pakanjira ka m'munda wa kachewere. Anali wachikulire koma woongoka, atamanga nsalu yakuda pachifuwa monga ankavalira akale, ali ndi mphini m'masaya. Ankanunkhira mafuta a nsatsi.

"Mwanawe, taima. Nkhata yako yapendekeka."

Anandikonzera nkhata bwinobwino, mpaka kupukuta ndi chala madzi amene anandigwera pachipumi. Chalacho chinali chozizira, koma m'chifunga aliyense amazizira. Ndinathokoza.

"Kwa mmisiri ndi kuti?"

Ndinaloza.

"Amadya koma?"

"Eya, amadya."

"Aonda," anatero. "Amene akuwaphikirayo sadziwa."

Anatsogola, chifunga n'kumutsekera kumbuyo. Njira yake ndi imodzi yokha ndipo imathera pakhomo pathu. Nditafika ndinafunsa achemwali ngati kwabwera mlendo. Anati ayi.

Kuyambira pamenepo tinthu tinayamba kusuntha. Kapu ya madzi oviikamo kabango tinkaipeza youma. Malaya a alamu amene achemwali anayanika pachingwe ankapezeka m'shedi atapindidwa kale, manja ali mkati, mapindidwe amene kwathu sitipinda. Chitenje cha achemwali chimene ankapachika pamsomali kuchipinda tinachipeza panja, pafumbi. Anachichapa n'kuchipachikanso. Tinachipezanso panja. M'shedi monse munkamveka nsatsi, chonsecho alamu mafuta awo anali a makina.

Tsiku lina pachakudya chamasana, alamu anasankha mnofu wa nsomba monga mwa masiku onse. Achemwali anali kudzanja lawo lamanja. Iwo anaukankhira kumanzere, kumene kunalibe munthu.

"Mukupatsa ndani?" anafunsa achemwali.

Alamu anayang'ana kumanzere, n'kuyang'ana kumanja. "Ndimayesa mwakhala uku."

"Ndinayamba liti kukhala uko?"

Palibe amene anaugwira mnofuwo. Koma pochotsa mbale sindinauone.

Madzulo ake ndinawauza achemwali za mayi wa panjira uja. Tinali kukhitchini, iwo akusadzula masamba. Ndinkayesa achita mantha. Anaika mpeni pansi.

"Ndi wokongola?"

"Ndi wamkulu, achemwali."

"Sindinafunse zaka, Felesiya."

Ine bodza limandivuta. "Ali ndi maso abwino," ndinatero.

"Wati sindidziwa kuphika?"

"Anati aonda."

"Akanakhala wa pamsika ndikanamudziwa," anatero achemwali, akutola mpeni. "Ndikanaona mayendedwe ake, ndikanaona chimene akundiposa. Ndikanamudikira pachigayo. Nanga uyu ndikamupeza kuti?" Masamba aja anawadula mpaka anasanduka phala, ndipo sanandilankhulenso tsiku limenelo.

Zoti alamu akuonda zinali zoona. Mpweya wawo unayamba kufupika. Kamtunda kopita kumishoni, kamene ankakwera akuimba mluzu, tsopano ankaima kawiri katatu atagwira m'mawondo. Kuchipatala anawapima chifuwa n'kunena kuti sakuona kanthu. Koma akangoika kabango pakamwa mpweya unkabwera wautali, wosatha, ndipo ankaliza mawu apansi aja mpaka agalu a kutsidya kuyamba kulira. Anasamutsira mphasa yawo kushedi, akuti phula la m'malumikizo limafuna kuliyang'anira kukazizira. Nsapato za achemwali zinkagona pakhomo, zozizira.

Loweruka lina achemwali anawapititsira madzi kubafa. Anabwerako nkhope itasintha, n'kundikokera kuseri kwa nkhokwe.

"Ali ndi zidindo," ananong'ona. "Apa, m'nthitimu, kutsika mpaka m'chiuno. Timadontho tondondozana. Ukudziwa chimene chimadinda munthu choncho?"

Ndinayang'ana pansi.

"Munthu akagona mogundana ndi wovala mikanda. Ine yanga ndi ikuluikulu, Felesiya. Imeneyo ndi ing'onoing'ono."

Analowa m'shedi, n'kuzula kabango kunsonga kwa kapaipi, n'kukaponya m'mbaula. Alamu atatuluka kubafa anaona, koma sanakalipe. Anangokhala pakhonde pafupi nafe, akupuma ngati sowo yodula thabwa lonyowa. Chifunga chinayamba kutsika kuphiri. Ndiyeno m'shedi, mmene munalibe munthu, Nang'omba analira. Pansipansi, kamodzi.

Alamu anaimirira.

"A Mbewe, khalani pansi."

"Akundiitana," anatero, ndipo analowa n'kutseka chitseko.

Lamulungu titatuluka m'tchalitchi achemwali anafunsa amayi a kwaya ngati a Damiyano anasiya abale. Anatiuza kuti kwatsala mlamu wawo, a Zakeyo, mlongo wake wa mkazi wawo, amene amagulitsa kachewere kumsewu waukulu. Tinapita Lolemba. Tinawapeza atakhala pa ndowa yovundikira, atavala majekete awiri, akuwotcha mbatata pakamoto ka zitsononkho.

Achemwali anafotokoza zonse. A Zakeyo anasiya kutembenuza mbatata.

"Anadula? Ndi chiyani?"

"Ndi lumo."

"Ha! Mlamu wanga Damiyano anakhala ndi lumo m'nyumba moyo wake wonse, osayerekeza. Amuna anuwo abwera dzulodzuloli, kwe!" Anaseka mpaka kutsokomola. "Mayi, mlongo wanga Nangondo anali ndi nsanje yoti nkhuku yaikazi ikayandikira mwamuna wake ankaigenda."

"Mwina anali ndi chifukwa," anatero achemwali.

A Zakeyo anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Ehe. Mwapezana."

Anatiuza mmene zinakhalira. A Damiyano akaliza mawu apansi aja pa Misa yaikulu, azimayi onse ankagwira pamimba n'kutembenukira kumene kunali bandi. A Nangondo anapirira mpaka analephera. Tsiku lina anauza amuna awo kuti, ine simunandilankhulepo ndi mawu amenewo, koma mukugawira tchalitchi chonse. Anavula mikanda yawo n'kumanga kiyi uja. Anati womasula apa ndi mwamuna wanga yekha, ndipo tsiku limene adzamasule adziwe kuti wandiitana.

"Damiyano analiza chinthu chija mpaka ukalamba wopanda mawu apansiwo," anatero a Zakeyo. "Ansembe ankayesa chinaonongeka. Mlongo wanga atamwalira tinamusudzula Damiyano bwinobwino, mwambo wonse, kuti akhale mfulu. Koma mikandayo tinaiiwala, ndipo iye sanatikumbutse. Ndiye onani. Mawu a mlongo wanga anali akuti womasula ndi mwamuna wake. Amuna anuwo amasula. Akwatira, mayi. Mwapeza mkazi mnzanu, ndipo wamkulu ndi iyeyo."

"Wamkulu ndine!"

"Kamuuzeni."

Achemwali anakhala pansi, pafumbi la m'mbali mwa msewu. Malole ankadutsa. "Akutha, bambo," anatero. "Akapitirira chonchi mvula sadzaiona."

A Zakeyo anasiya kuseka. Anaona kuti ine ndikunjenjemera ndi mphepo, anatola mbatata imodzi pamoto, n'kuipukuta phulusa pajekete, n'kundipatsira osandiyang'ana.

"Mwini mbumba ndatsala ndine," anatero. "Ndibwera mawa ndidzawasudzule amuna anuwo monga tinachitira ndi Damiyano. Mikanda yake mundipatse, ndikaikwirira kumene anagona. Kiyiyo amangidwenso, ndipo womanga ndinu, ndi mikanda yanu, kuti aone kuti pakhomopo pali mwini wake. Koma chinthu chimodzi. Pakusudzula wolankhula ndi mwini mbumba yekha. Inu pakamwa tseke. Kaya muona chiyani, kaya mumva chiyani. Mlongo wanga sanasiyepo mkangano pakati. Mukamuyankha sachoka chimanjamanja."

"Ndamva."

"Kumva mwamva. Ndikunena kuchita."

Anafika dzuwa lili pamutu, ngakhale dzuwalo silinkaoneka. Chifunga chinali chitadzaza bwalo mpaka pakhomo pa shedi. Alamu tinawapeza atakhala pa kampando, Nang'omba ali chiimire pakati pa mawondo awo. Sanakane, sanafunse. Mphamvu zokanira analibe. Ndinatenga kachitini kaja pashelefu. Kanali kopepuka, ndipo nditatsegula munali mikanda yochepa chabe. Yotsalayo tinaipeza m'matumba a malaya a alamu ndi m'mphepete mwa mphasa yawo. Ndinaitola umodziumodzi mpaka a Zakeyo anati yakwana.

Achemwali analowa m'nyumba, n'kubwerako dzanja atafumbata. Mikanda ya mkazi sionekera pamaso pa mwamuna wina. A Zakeyo anatembenuza ndowa imene anakhalira n'kuyang'ana kukhoma, ndipo mwambo wonse anauchita atatifulatira choncho.

Anaika kambale ka ufa pansi, pafupi ndi kachitini. Anaomba m'manja pang'onopang'ono.

"Nangondo. Ndine Zakeyo, mlongo wako. Wandidziwa."

Fungo la nsatsi linadzaza shedi yonse.

"Munthu uyu si wako. Anadula mosadziwa, ndi ntchito yake ya manja. Wako unamupeza kale kumeneko, ukakangane naye iyeyo. Uyu ife abale ako tamusudzula. Alibe mangawa ndi iwe. Zako ndi izi, ndazisonkhanitsa, ndikuperekeza ndekha."

Anakodola ndi dzanja kumbuyo, kuuza achemwali kuti ayambe. Achemwali anaimirira pafupi ndi kukamwa kwa Nang'omba n'kuyamba kupisa chingwe chawo kunsi kwa kiyi wamtali uja. Milomo anailuma. Anazunguliza kamodzi. Ufa wa m'kambale unayamba kuchita kadzenje pakati, pang'onopang'ono, ngati wina akutapa ndi zala ziwiri.

"Eya, landira," anatero a Zakeyo. "Landira uzipita."

Zikanathera pomwepo. Koma alamu, maso ali chitsinzinire, anamwetulira. Anakweza dzanja lawo lamanja n'kuliika paphewa lakumanzere, n'kusisita pamenepo mofatsa, monga umasisitira dzanja la munthu amene wakugwira paphewa. Ndipo analankhula ndi mawu amene sindinawamvepo pakamwa pawo, apansi, ofunda, omvekera m'mimba.

"Muyende bwino," anatero.

Ndinaona nkhope ya achemwali. Ndinafuna kuwagwira mkono, koma ndinachedwa. Anaweramira kukamwa kwa Nang'omba, milomo pafupi ndi bowo lakuda lija.

"Ndi wanga," anatero. "Wamva, nkhalamba iwe? Ndi wanga. Mawu amenewo ndi anga, ndipo ukadzabweranso..."

Kiyi uja anatsika yekha. Phwa, kaphokoso kakang'ono ngati munthu watseka milomo. Chingwe cha mikanda chinakokeka n'kumangika pamwamba pa kambale ka kiyiyo, kolimba, kiyi ali chitsekere.

"Mayi inu!" anatero a Zakeyo, osatembenuka.

Fungo la nsatsi linayamba kuchepa. Kunja tambala analira, chifunga chinayamba kuchoka, ndipo kuwala kunalowa pazenera. Alamu anakoka mpweya wautali, chifuwa chonse kudzaza, n'kuutulutsa wopanda phokoso. Anakokanso wina. Anatsegula maso n'kuyang'ana uku ndi uku ngati munthu wodzuka m'basi.

"Mlamu, kodi nthawi ili bwanji? Njala yandipweteka."

Achemwali anagwada pafupi nawo, misozi ili mbwembwembwe. "A Mbewe, mwabwerera? Mukumva bwanji m'chifuwamu?"

Alamu ankayang'ana a Zakeyo. "Bambo awa ndi a kuti?"

"A Mbewe!"

Sanatembenuke.

"Alamu," ndinatero, "akukufunsani."

Anatembenukira kwa ine msangamsanga. "Ndani?"

"Achemwali."

Anawayang'ana achemwali, amene ankalankhulabe, ndipo anaseka pang'ono. "Nachisale, bwanji mukungoyendetsa milomo? Mwayamba masewera?"

Achemwali anakuwa dzina lawo mpaka nkhuku zinathawa pabwalo. Ine ndinamva, a Zakeyo anamva, anthu a kutsidya anamva. Alamu ankamva tambala, ankamva kupuma kwanga, ankamva mikanda ikugwedera m'kachitini. Mawu a akazi awo okha ndi amene sankawafika.

Achemwali anadumphira pa benchi n'kutola lumo lija.

"Dulani," anatero a Zakeyo, atanyamula kachitini ndi kambale, akuyang'anabe kukhoma. "Mawu anu ali m'menemo, atuluka. Koma womasula apo wamuitana, ndipo ine kawiri sindisudzula. Sankhani, mayi. Mukufuna makutu awo kapena mpweya wawo?"

Achemwali anaima ndi lumo m'manja nthawi yaitali. Alamu ankawayang'ana modabwa, akupuma bwinobwino, chifuwa chikukwera n'kutsika. Kenaka achemwali anaika lumo pa benchi, n'kutuluka kukawaphikira.

Nang'omba anabwerera kumishoni m'bokosi lake tsiku lomwelo. Alamu anauza bambo mfumu kuti walephereka, ndipo jubile inadutsa ndi ng'oma ndi limba basi. Alamu ananenepanso. Anabwerera kuchipinda, nsapato za achemwali zinayambanso kufunda pambaula. Kuchipatala anawapima makutu n'kunena kuti ali bwinobwino.

Za mchere ndi sopo achemwali anazolowera kuloza ndi chala. Zina zonse zinkadzera mwa ine. Iwo ankanena, ine n'kubwereza. "Akuti madzi afunda." "Akuti denga la khitchini likudontha." "Akuti malaya amenewo sakukukhalani." Ine amene ndinkachita manyazi kupempha ndiwo, ndinasanduka wolankhula m'nyumba monse. Ndikangotsegula pakamwa alamu ankasiya chilichonse chimene akugwira n'kutembenukira kwa ine, chifukwa ankadziwa kuti mwina ndi akazi awo akulankhula. Ine ndinkadziwa kuti n'chifukwa chake. Achemwali nawonso ankadziwa. Koma ankaona khosi lawo likutembenuka.

Madzulo ena tili pakhonde achemwali ananena nthabwala ya mayi wina wa kwaya amene amayamba nyimbo anzake asanapume. Inali nthabwala yabwino. Ndinaibwereza mmene anainenera, osaonjezera kanthu. Alamu anaseka mpaka kugwira m'mimba, akundiyang'ana ine, n'kundimenya pang'ono paphewa.

"Mlamu, mudzandipha!"

"Ndi ya achemwali," ndinatero msanga.

"Eya, eya," anatero, akupukuta misozi, n'kusisita bondo la achemwali. Koma kuseka kunali kutatha kale.

Alamu atalowa m'nyumba, achemwali anatsala akuyang'ana kuphiri.

"Mawa uzipita kwa amayi, Felesiya."

"Ndalakwa chiyani, achemwali?"

"Sunalakwe."

"Nanga mawu anu aziwafikitsa ndani?"

"Kuli bwino asandimve," anatero, "kusiyana n'kuti azindimvera mwa iwe."

Chikwama anandilongedzera okha, ndipo pansi pake anaikamo chitenje chawo chatsopano chimene ankadziwa kuti ndinkachisirira. M'mawa alamu anafuna kundiperekeza kumsewu pa njinga, koma ndinati ndiyenda ndekha.

Nditafika pokhotera njira ndinacheuka. Chitseko cha shedi chinali chotsegula. Alamu anali ataweramira pa benchi, akupala loko ndi tupa. Achemwali anali ataima kumbuyo kwawo, pafupi kwambiri, manja atapinda pachifuwa, akulankhula. Ndinali patali, sindinamve zimene ankanena. Ankangolankhula, kulankhula, osapumira, ndipo tupa linkangopita n'kubwera.